Madola 38 miliyoni kukonza mlatho woti anthu azingoyendapo wapansi?

Nyamalikiti_NY
Moni nonse a pa gulu. Loweruka lapitali ine ndi mayi a kunyumba tinakwera sitima ku New York kupita ku Poughkeepsie, ulendo wa maola pafupifupi awiri motsata mtsinje wa Hudson. Tinkakaona mlatho wakale wa sitima umene anausandutsa wa anthu oyenda pansi, amautcha Walkway Over the Hudson. Ndi wautali makilomita awiri ndi pang'ono, ndipo ukafika pakati madzi amakhala mamita 65 pansi pako. Mphepo yake si yocheza, chipewa changa chinatsala pang'ono kutsanzika.

Mlathowu unayamba kugwira ntchito mu 1889, unapsa mu 1974, kenako unangokhala zaka 35 ukudyedwa ndi dzimbiri. Anautsegulanso pa 3 Okutobala 2009 atawonongerapo madola 38.8 miliyoni. Tsono m'nyumba muno mwabuka mkangano. Mayi akuti ndalama zonsezo anangoziponya mumtsinje, poti pamlathopo sipadutsa galimoto kapena sitima, ndi anthu okha, ena akuthamanga, ena pa njinga, ena akukokedwa ndi agalu. Ine ndikuti ayi, koma mfundo zandithera pa tsiku lachiwiri. Amene mumazitsata za zitsulo ndithandizeni ndisagonje.

Chigumukire77
Gonjani basi achimwene. Mayiwo akunena zoona. Mlatho wopita kukawongola miyendo amamanga ndi anthu okhuta.

NaBanda_Leeds
Kkkk mwayamba kale a Chigumukire. Munthu wapempha thandizo, inu mukumukankhira kuphompho.

Chigumukire77
Achemwali, ine ndikuwerengera masukulu ndi mijigo ya m'ndalama imeneyo. Mlatho ntchito yake ndi kuwolotsa katundu. Ukasiya kutero wafa, auphwasule agulitse zitsulo.

Injiniya_Wopuma
A Chigumukire, ndiyambire pa mawu anu omalizawo, chifukwa ambiri amaganiza kuti kugwetsa mlatho ndi kwaulere, mwinanso kuti upezapo phindu la zitsulo. Si choncho. Kumasula chitsulo cha makilomita awiri chimene chili mamita 65 pamwamba pa mtsinje umene zombo zimadutsamo, mbali ina chili pamwamba pa nyumba za anthu, misewu ndi njanji ina, ndi ntchito yodula koopsa. Kampani ya njanji ya Conrail, imene inatsala ndi mlathowu, inawerengera mtengo wophwasula n'kuona kuti bola kuutaya. Mu 1984 inaugulitsa pa dola imodzi. Dola imodzi, a Chigumukire. Munthu sagulitsa chuma pa mtengo umenewo, amagulitsa mutu wowawa.

Kuusiya chomwecho nakonso kunali ndi mtengo wake. Zidutswa zinkagwera mu tauni ya Poughkeepsie, ndipo nyali zochenjeza zombo usiku zinkafunika woziyang'anira. Ndiye panali njira zitatu, kugwetsa, kusiya, kapena kukonza, ndipo zonse zitatu zinali zolipira. Yachitatu yokha ndi imene umalipira n'kutsala ndi kanthu m'manja.

Za zimene anachita: anachotsa njanji ndi mitanda yamatabwa imene njanji imagonapo, anatumiza anthu kukwera ndi zingwe kukayang'ana chitsulo chilichonse, ena anamira m'madzi kukaona mizati. Zitsulo zimene zinadyeka anazisintha kapena kuzilimbitsa. Pamwamba anayalapo zigawo za konkire zoumbiratu ku fakitale, 973 zonse pamodzi, n'kumangira zotchingira m'mbali. Chimene chinawapulumutsa n'chakuti mlathowu unamangidwira sitima zamalasha zolemera, ndipo unalimbitsidwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sitima zitayamba kulemera kwambiri. Mafupa ake anali adakali ndi mphamvu.

Nyamalikiti_NY
Bwana injiniya, Mulungu akudalitseni. Ya dola imodziyo ndikaitula pa chakudya chamadzulo.

Chigumukire77
Chabwino, za kugwetsa ndamva. Koma simunandiuze kuti anthu ongoyendawo akubweza bwanji ndalamayo. Amalipira pa geti?

Nyamalikiti_NY
Kuyendapo ndi kwaulere. Koma ife tinalipira sitima, tinadya m'tauni momwemo, mayi anagulanso tinthu tawo. Ndipo sitinali tokha, anthu anali pikitipikiti. Pa chaka pamabwera anthu oposa theka la miliyoni. Mu 2014 anawonjezerapo chikepe chagalasi chochokera m'mphepete mwa mtsinje, pafupi ndi siteshoni, kuti okalamba ndi a pa njinga za olumala azikwera mosavuta.

Wowotcherera_Ndirande
Funso kwa a injiniya. Pa zithunzi zimene atumiza achimwenewo ndikuona mitu ya marivetsi (misomali yachitsulo yolumikizira mapuleti) yokhayokha, palibe powotcherera. Ine ndikadapatsidwa ntchito imeneyo ndikadangotenga makina n'kumata mapuleti pamene padyeka. Chingandiletse n'chiyani?

Injiniya_Wopuma
Chingakuletseni ndi chitsulocho, mmisiri. Cha m'zaka za m'ma 1880 si chofanana ndi chimene mumagula lero. Chambiri chimakhala ndi sulufule ndi fosiforasi wochuluka, ndiye mukachiwotcherera chimatha kung'aluka m'mbali mwa msoko, mwina osaonekera tsiku lomwelo. N'chifukwa chake amayamba adula kachidutswa n'kukayeza ku labu. Nthawi zambiri rivetsi ikatha amaigogoda kuichotsa n'kuikapo bawuti yolimba, osawotcherera.

Marivetsi aja ankawaika ali ofiira ndi moto. Wina amawotcha, wina amaponya, wina amawakha n'kulowetsa pabowo, wina amasula mutu. Ikamazizira imafupika n'kukoka mapuleti awiriwo kuti agwirane zolimba. Poyesa ngati idakali bwino amaimenya ndi kahamala. Yolimba imalira bwino, yomasuka imamveka ngati mphika wosweka.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri limene limalowa pakati pa mapuleti awiri. Dzimbiri limatupa, limatenga malo kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha mapuleti mpaka kupindika kapena kudula mutu wa rivetsi. Kunja penti ikhoza kumaoneka bwinobwino. Pentiyo nayonso ndi nkhani ina, chifukwa yakale inali ndi mtovu. Sungangopala kuti fumbi ligwere mumtsinje kapena m'mapapo mwa antchito. Amakuta malo onse ndi matenti, kupopa fumbi, n'kukalitaya ngati poizoni. Pa milatho yambiri yakale ntchito imeneyi yokha imadya gawo lalikulu la ndalama.

Wowotcherera_Ndirande
Ya dzimbiri lotupayo ndimaiona pa mageti ndi pa mabodi a malole. Koma ya kahamala ndaitola, mawa ndikayesa pa ngolo ya apongozi.

Mnyamata_wa_Chipata
Manje imwe a ku Malawi, mukuti mlatho mlatho. Kwathu timati ulalo. Mlatho ndi chani?

NaBanda_Leeds
Ulalo ifenso timati, koma ine ndikamva ulalo ndimaona mitengo iwiri yogoneka pa kamtsinje, ukuwoloka uku ukupemphera. Mlatho ndi wa simenti kapena chitsulo.

Mnyamata_wa_Chipata
Ndiye mukuti wa ku Chirundu uja, pa boda ya Zambia ndi Zimbabwe, si ulalo? Dalaivala aliyense wa ku Chipata adzakuuzani kuti ndawoloka pa ulalo.

GogoWaPaWhatsApp
Ana inu, agogo anga a ku Dedza ankati ulalo pa chilichonse. Mlatho tinaumvera pa wailesi.

Chigumukire77
Ku Lilongwe timangoti pa buliji, nkhani yatha.

Woyang'anira_Gulu
Abale, ya mawuyi muitsegulire mutu wakewake. Pano tili pa chitsulo.

Mnyamata_wa_Chipata
Pepani a mfumu. Koma Chirundu ndinaitchula dala. Pali maulalo awiri oyandikana pa Zambezi. Wakale ndi Otto Beit, wa zingwe zachitsulo, wa 1939. Unali wa mzere umodzi, malole ankadikirana, ndipo ndi zimene zinkautsa mizere ija pa boda. Watsopano anatsegula mu 2002. Wakale sanaugwetse, ulipo, ndipo ndi wokongola kuposa mng'ono wake. Tikamakamba za ku America tisaiwale kuti Zambezi nayo ili ndi nkhalamba zake zachitsulo. Wa ku Victoria Falls ndi wa 1905, ndipo mpaka lero anthu amalipira ndalama kuti akayende pa tinjira ta kunsi kwake.

WakuMarka
Mwatchula Zambezi ndiye mwandiputa. Inu nonse mukudabwa ndi makilomita awiri a ku Hudson, munaponda pa mlatho wa Dona Ana ku Mozambique? Ndi makilomita 3.67, kuchokera ku Mutarara kufika ku Sena. Unatha kumangidwa mu 1935, ndipo cholinga chake chinali chathu chomwe, kuti sitima ya ku Nyasaland izifika ku doko la Beira osatsitsa katundu n'kumuwolotsa pa madzi. Anamanga ndi a Cleveland Bridge, omwe aja anamanga wa ku Victoria Falls.

Mlatho umenewu wasintha ntchito kangapo ine ndikuona. Pa nkhondo, mu 1986, a Renamo anauphulitsa. Mu 1995 unakonzedwa ndi thandizo la America n'kukhala wa magalimoto, mzere umodzi, pa matabwa, mbali ino ikudutsa mbali inayo ikudikira. Mu 2006 anautseka kwa magalimoto kuti aubwezere njanji, ndipo pofika 2009 unali wa sitima kachiwiri. Pano ndi wa sitima za malasha a ku Moatize.

Koma chimene ndikufuna a Chigumukire amve ndi ichi. M'mbali mwake muli kanjira ka anthu oyenda pansi. Pa kanjira kameneko ndi pamene pali moyo wa Sena ndi Mutarara. Anyamata a njinga, amayi osenza nsomba ndi tomato, ana a sukulu, odwala. Ine ndawolokapo ndi thumba la mpunga pa kaliyala, pafupifupi ola lathunthu ndikukankha. Palibe amene amapita pamenepo kukawongola miyendo. Ndiye mukamati mlatho wa oyenda pansi ndi wa anthu okhuta, bwerani ku chigwa mudzaone amene amayenda pansi.

Chigumukire77
A Marka, musandipotoze. Inu mukunena za anthu opita ku msika, awo ndi ena. Ine ndimanena za oyendetsa agalu.

WakuMarka
Phazi ndi phazi achimwene. Chitsulo sichifunsa kuti ukupita kuti.

NaBanda_Leeds
A Marka, malume anga ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ankati kale munthu unkakwera sitima pa Limbe n'kukatsikira ku Beira. Ife tinkayesa nthano.

WakuMarka
Si nthano achemwali. Limbe, Luchenza, Makhanga, Bangula, Nsanje, Marka, kenako Mutarara ndi pamlathopo. Nkhondo inadula kumunsi, ndipo madzi a 1997 anakokolola njanji cha ku Chiromo, basi njira inathera pomwepo.

Namwino_Usiku
Ine zonsezi ndikumva, koma mawu oti "takonza mlatho wakale, bwerani muyendepo" amandiopsa chichokereni nkhani ya ku Morbi, ku India. Mlatho wa zingwe wa m'zaka za m'ma 1800, wa oyenda pansi okhaokha, anautseka miyezi ingapo akuukonza, anautsegula pa 26 Okutobala 2022, pa 30 Okutobala unaduka. Anthu oposa 130 anafera mumtsinje wa Machchhu, ambiri ana ndi amayi. Masiku anayi okha. Ndiye ine mukandiuza kuti chitsulo cha 1889, miyendo imachita kuzizira. Chakudza sichiimba ng'oma.

Injiniya_Wopuma
Amayi, mantha anuwo ndi oyenera, koma pa Morbi ng'oma inaimba, panalibe woimvera. Ofufuza anapeza kuti pa mawaya 49 a chingwe chimene chinadukacho, 22 anali atadyeka kale ndi dzimbiri. Okonzawo anasintha poponda, anachotsa matabwa n'kuikapo aluminiyamu, koma zingwe zimene zimanyamula zonsezo sanazisinthe. Kenako analowetsa anthu ochuluka osawerenga. Anthu anaona pansi ponyezimira n'kukhulupirira.

Ndipo apa ndikufuna ndikonze maganizo amene ndikuona kuti ambiri tili nawo, oti anthu ndi katundu wopepuka. Munthu mmodzi inde. Khamu ayi. Ku Ulaya popanga mlatho wa oyenda pansi amawerengera makilogalamu pafupifupi 500 pa sikweya mita iliyonse. Anthu akathithikana amalemera kuposa magalimoto ang'onoang'ono atandandalikidwa pa malo omwewo, chifukwa magalimoto amasiya mipata. Mu 1987, pokondwerera zaka 50 za mlatho wa Golden Gate ku San Francisco, anautsegulira oyenda pansi, panakwera anthu pafupifupi 300,000 nthawi imodzi, ndipo msana wake wokhota uja unaphwa n'kukhala wathyathyathya. Sunagwe, koma mainjiniya anatuluka thukuta.

Palinso kayendedwe. Ku London, Millennium Bridge, watsopano weniweni, anautsegula mu Juni 2000 n'kuutseka patapita masiku awiri chifukwa unkagwedezeka cham'mbali. Ukagwedezeka pang'ono anthu amayamba kuponda mofanana kuti asagwe, ndipo kupondako kumawonjezera kugwedezeka. Anautsegulanso mu 2002 ataika zida zomeza kugwedezekako. Ndiye kusandutsa mlatho wa sitima kukhala wa anthu si kuupatsa tchuthi. Masamu amayambiranso, pamodzi ndi a mphepo ndi a kulemera kwa konkire yatsopanoyo.

Namwino_Usiku
Zikomo bambo. Simunandichotse mantha koma mwandiuza choti ndiziopa.

Mphwanga_wa_Kabaza
Ine funso langa ndi limodzi. Pa wa ku America pamenepo kabaza amalola? Makilomita awiri, agogo atopa pakati, ine ndili pompo ndi kampando kanga ka siponji.

Nyamalikiti_NY
Kkkk njinga zimaloledwa mphwanga, koma visa ndi imene ingakuvute.

Mlimi_wa_Fodya
Ndiloleni ndiikepo yanga, ngakhale ndi yaing'ono poyerekeza ndi zanuzi. Kwathu kuli kamlatho kachitsulo kakale ka pa esiteti, mamita mwina 15, kamene mathirakitala anasiya kudutsapo kalekale. Ana a sukulu ndi amayi opita kuchigayo ndi amene amadutsapo, chifukwa nthawi ya dzinja mtsinjewo sumawolokeka. Zaka zingapo zapitazo tinasonkha ndalama, ena anathandiza, tinalemba kontilakitala. Anabwera ndi anyamata atatu, anakhoma matabwa atsopano, anapaka penti yofiira pamwamba pa dzimbiri osapala n'komwe, anajambula zithunzi, anapita. Mvula ziwiri zokha penti inayamba kusupuka ngati khungu la njoka. Titasuzumira kunsi tinapeza pamene chitsulo chimakhala pa simenti padadzaza dothi ndi zinyalala, chitsulocho chikufumbutuka m'manja. Zimene akunena a injiniya za Morbi ndi zomwezo, kungoti ife Mulungu anatikondera.

Chachiwiri ndi akuba. Mabawuti anayi anapita, ndi chitsulo chimodzi cha m'mbali. Ena amakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ena amasulira makasu.

Wowotcherera_Ndirande
Ya mabawutiyo njosavuta akulu. Mukamanga, dontheza kamoto pa nati kuti isamasukenso. Wakuba amabwera ndi sipanala, sabwera ndi jenereta.

Injiniya_Wopuma
Pa nati ndi bawuti zatsopano za zotchingira m'mbali, inde mmisiri, dontheza. Pa chitsulo chakalecho ayi. Ndipo a Mlimi, musanagule penti ina, tengani fosholo ndi tsache mukachotse dothi lonse pamene chitsulo chakhalira, mutsegulenso timabowo totulutsa madzi. Mlatho umayamba kuola pamene madzi amagona. Mukatero pezani munthu wodziwa adzayeze kuti chitsulo chatsala chochindikala bwanji. Ngati chadyeka kwambiri pa malo okhalirawo, ana asamadutsepo gulu.

Mlimi_wa_Fodya
Ndamva bwana. Loweruka tili ndi msonkhano kwa amfumu, ndikazitula.

NaBanda_Leeds
Chimene chandigwira mtima pa ya ku Poughkeepsie n'chakuti sanayambitse ndi boma. Anali anthu wamba a m'deralo amene anapanga bungwe mu 1992, n'kumakakamira zaka ndi zaka anthu akuwaseka. Mlathowo unafika m'manja mwawo mu 1998, ndipo ndalama zazikulu, za boma ndi za bungwe lothandiza la Dyson Foundation, zinabwera pambuyo pake. Kuchokera 1992 kufika 2009 ndi zaka 17. Ife komiti ya pa mjigo ikatha miyezi 6 osakangana timachita phwando.

Kuno ku England kulinso wina, Bennerley Viaduct, pakati pa Nottinghamshire ndi Derbyshire. Sitima zinasiya kudutsapo mu 1968, ankafuna kuugwetsa koma mtengo unawabweza, ndipo anautsegulira oyenda pansi mu 2022. Nawonso ndi anthu ongodzipereka amene anaulondera zaka zonsezo.

Chigumukire77
Achemwali mwanena nokha, zaka 17 ndi mabwana a ndalama kumbuyo. Ndipo mukatsegula ndiye mwayamba, walira mvula walira matope. Ndani azilipira oyang'anira, magetsi, chikepe chija chikafa?

Nyamalikiti_NY
Pano ndi paki ya boma la New York, ndiwo amausamalira, ndipo bungwe lija likadalipo, limasonkhetsa ndalama ndi kutumiza anthu ongodzipereka. Tinawaona atavala mayunifolomu awo akulondolera alendo.

Chigumukire77
Ndiye bola. Koma ine pa mijigo sindinasunthe.

GogoWaPaWhatsApp
Inu a Chigumukire munabadwa tsiku la mvula ya matalala.

Nyamalikiti_NY
Abale, ndawawerengera mayi zonse kuyambira pamwamba. Ya dola imodzi aivomera. Ya a Marka yawakhudza, poti amayi awo ndi a ku Nsanje ndipo ankaitchula Dona Ana. Koma akuti pa 38 miliyoni paja pakanayenera kukhala denga, chifukwa dzuwa linawawotcha ndipo pamlathopo palibe mthunzi ngakhale wa mtengo umodzi.

Injiniya_Wopuma
Auzeni mayi kuti denga pa mamita 65 ndi tanga ya ngalawa. Mphepo imene inafuna kulanda chipewa chanu ikanalipeza poligwira, ndiye masamu onse aja ayambirenso. Agule ambulera.

WakuMarka
Ambulera pa mlatho? Pa Dona Ana yanga inatembenuzika tisanafike n'pakati pomwe. Chitenje kumutu basi.

Mphwanga_wa_Kabaza
Nanga ya visa ija palibe angandithandize?